Musanagwire utoto: mmene mungakonzekerere chithunzi cha munthu monga ankachitira ojambula a ku France m'zaka za m'ma 1800

Ku Montauban, tauni ya kummwera kwa France, kuli nyumba yosungiramo ntchito za wojambula wotchuka Jean-Auguste-Dominique Ingres. Mkuluyu atamwalira mu 1867 anasiyira tauni yakwawoyo mapepala ojambulidwa oposa 4,000, ndipo ambiri mwa iwo si zithunzi zoti n'kupachika pakhoma. Pena pali mkono wokha, wobwerezedwa kangapo pa pepala limodzi. Pena bondo. Pena nsalu yopindika, mwini wake mulibemo. Ndi mmene ntchito inkayendera nthawi imeneyo: chithunzi chachikulu cha utoto chinkabwera pomaliza, mafunso onse atayankhidwa kale ndi pensulo. Munthuyu waima bwanji? Kulemera kwake kwatsamira phazi liti? Kuwala kukuchokera kuti?

Njira imeneyi mukhoza kuitsata lero, ndipo siifuna ndalama zambiri. Imafuna mapepala ochuluka ndi mtima wosathamanga.

Sonkhanitsani zipangizo

Pezani pensulo ziwiri, yolimbirako ya HB ndi yofewa ya 4B, makala ojambulira, choko choyera, rula, ndi ulusi womangirira kanthu kolemera kumapeto, kaya kamwala kaya nati. Mapepala akhale a mitundu itatu: otsika mtengo oti musamawaumire, ochepa a mtundu wotuwa kapena wabuluu, ndi ena opyapyala oonekera mkati. Chofufutira makala musavutike nacho. Ophunzira a ku Paris ankatenga mkati mwa buledi, n'kuumba kampira ndi zala, n'kumadinda pa makalawo. Buledi amanyamula makala osakanda pepala, pomwe labala wolimba amangopaka n'kusiya chidetso.

Yambani ndi tizithunzi tating'ono, tambiri

Musayambe ndi nkhope. Musayambe ngakhale ndi munthu mmodzi. Jambulani timabokosi tosaposa chikhatho chanu, ndipo m'kabokosi kalikonse yesani chithunzi chonse mwachangu: anthu akhale mizere ndi madontho akuda basi. Apa mukufuna kudziwa zinthu ziwiri zokha, mphindi ya nkhani imene mujambule ndi malo amene munthu aliyense aime.

Amene amaphunzitsa bwino zimenezi ndi Théodore Géricault. Mu July 1816 sitima yapamadzi ya ku France yotchedwa Méduse, ikupita ku Senegal, inatitimira mumchenga kufupi ndi gombe la Mauritania. Anthu pafupifupi 150 anasiyidwa pa phaka la matabwa, ndipo patapita masiku 13 anapezeka amoyo 15 okha. Géricault atafuna kujambula tsokali sanadziwiretu mphindi yoti asankhe. Anayesa ndewu imene inabuka paphakapo. Anayesa nthawi ya njala yoopsa, pamene amoyo ankadya mitembo. Anayesa nthawi yopulumutsidwa, boti litafika kale. Zonsezi zilipo pa mapepala ake, ndipo zonse anazisiya. Anasankha mphindi imene anthuwo aona sitima ya Argus patali kwambiri, kadontho chabe, osadziwa ngati nayo yawaona. Chithunzi chimene anaonetsa mu 1819, chomwe chili ku Louvre, nyumba yosungiramo zaluso ya ku Paris, n'chachikulu zedi, msinkhu pafupifupi mamita 5 ndipo m'mbali mamita oposa 7. Ganizirani akanayamba ndi utoto pa chinsalu chotere, n'kudzazindikira patapita miyezi kuti wasankha mphindi yolakwika.

Jacques-Louis David nayenso anasintha maganizo pa pepala. Pokonzekera chithunzi cha mwambo wolonga Napoleon ufumu, chimene anamaliza mu 1807, poyamba anamujambula akudziveka yekha chisoti chachifumu. Pa chinsalu chomaliza akuveka mkazi wake Joséphine.

Tsono inu musakhutire ndi kabokosi koyamba, ngakhale kakukomereni bwanji. Chitani ena khumi. Ikani munthu wamkulu wa nkhaniyo kumanzere, kenako kumanja, kenako mumutembenuze apereke msana. Mukatha, ayalikeni pansi, imirirani, muwayang'ane muli chapatali. Kamene kakumveka popanda kufotokozera ndi komweko.

Mangani thupi, zovala zidikire

Pano ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo ndi pamene ambiri amadumpha.

Ku sukulu ya zaluso ya École des Beaux-Arts ndi m'nyumba zophunzitsira za akatswiri a ku Paris, wophunzira sankaloledwa kugwira utoto msanga. Ankayamba ndi kukopera zithunzi zosindikizidwa, kenako ziboliboli zoyera za pulasitala, ndipo pomaliza pake munthu wamoyo wosavala, woima mofanana masiku angapo otsatizana. Akazi sankalandiridwa pasukuluyi mpaka 1897, n'chifukwa chake ambiri ankapita ku sukulu zolipira ngati Académie Julian. Chizolowezi chojambula thupi losavala sichinkathera kusukulu. David ankajambula anthu a m'zithunzi zake ali maliseche kaye, ngakhale oti pomaliza adzavala mikanjo yolemera. Ingres, pokonzekera chithunzi cha Princesse de Broglie chimene chili ku Metropolitan Museum ku New York, anaimika munthu wolipidwa m'malo mwa mayi wolemekezekayo, n'kujambula thupi lokha litatsamira mmene mayiyo adzatsamirire pampando. Diresi labuluu lonyezimira limene anthu amagoma nalo linabwera pambuyo, pamwamba pa thupi lodziwika kale.

Chifukwa chake n'chosavuta. Chovala chilibe maonekedwe akeake, chimatsata phewa, chiuno ndi bondo. Mukajambula chovala musakudziwa pomwe pali bondo, chithunzi chimatuluka ngati thumba la chimanga loimikidwa pakhoma, lamutu pamwamba.

Inu simukusowa kuvula munthu. Pemphani mnzanu kapena m'bale wanu wamkulu amene wavomera ndi mtima wonse, avale kabudula ndi malaya othina, oti mapewa, chiuno ndi mawondo zizioneka. Lembani ndi choko pansi pozungulira mapazi ake kuti akapuma abwerere pomwepo, ndipo muzimupumitsa pakatha mphindi 20 zilizonse. Kuima osagwedezeka n'kowawa kuposa mmene kumaonekera. Nanunso lembani pomwe mwaima, chifukwa mukasuntha phazi limodzi lokha miyeso yonse yasintha.

Kenako tsatani izi mwadongosolo.

Ikani kadontho pamwamba pa pepala pomwe pathere mutu, kena pansi pomwe pathere chidendene. Munthu yense akwane pakati pa madontho awiriwa, zivute zitani. Mukapanda kutero mudzafika m'mawondo pepala litatha.

Tambasulani mkono wonse, pensulo ili chilili, tsinzinani diso limodzi, muyeze mutu kuchokera pamwamba mpaka pachibwano, chala chachikulu chikugwira muyesowo. Tsitsani muyeso womwewo kutsika ndi thupi, mukuwerenga. Munthu wamkulu nthawi zambiri amakwana mitu isanu ndi iwiri ndi theka, koma werengani wa patsogolo panuyo, osati wa m'buku. Chigongono chisapindike poyeza, apo ayi muyeso uliwonse ukhala wakewake.

Tengani ulusi wanu uja, muulendeweretse patsogolo panu, udutse pa kadzenje ka pansi pa khosi pakati pa mafupa awiri a pachifuwa. Onani pomwe ukugwera pansi. Ngati munthuyo watsamira mwendo umodzi, ulusi ugwera pa phazi la mwendo umenewo. Ngati waima ndi miyendo yonse mofanana, ugwera pakati. Jambulani mzere womwewo pa pepala lanu mopepuka, ndipo onani zina zonse zimene ukudutsa: mwina mchombo uli kumanzere kwake pang'ono, mwina bondo likuukhudza. Munthu wojambulidwa amene akuoneka ngati akugwa, pafupifupi nthawi zonse vuto lake ndi limeneli, khosi silili pamwamba pa phazi lonyamula thupi.

Tsopano onani kupendekeka kwa mapewa ndi chiuno. Mbali imene yanyamula thupi, chiuno chimakwera ndipo phewa limatsika. Jambulani mizere iwiriyi musanajambule china chilichonse cha thupi. Ikakhala bwino, munthuyo wayamba kale kupuma.

Mukatero zungulirani thupi ndi mizere yowongoka, yaifupiifupi, yosinthira pa mfundo: phewa, chigongono, chiuno, bondo, kakolo. Mizere yokhota idzabwera pambuyo. Yang'ananinso mipata, monga kampata ka pakati pa mkono ndi nthiti, kapena pakati pa miyendo. Diso limanama pa mkono chifukwa limaganiza kuti likuudziwa kale, koma pa mpata silinama.

Mwina mufunsa kuti, nanga miyeso ikalondola ndiye kuti zatha? Ayi. Ingres yemweyo, amene ankati kujambula ndi pensulo ndiko kuona mtima kwa luso lonse, anatalikitsa msana wa mkazi wa m'chithunzi chake cha La Grande Odalisque cha 1814, mpaka otsutsa anadandaula kuti waonjezera mafupa a msana. Anachita dala, pofuna mzere wautali wosadukiza. Koma anatalikitsa msana umene ankaudziwa bwino. Ine ndimaona kuti ufulu woterewu umabwera munthu atayeza matupi ambiri, ndipo wophunzira amene amautenga msanga amangobisa zimene sakuzidziwa.

Patulani ziwalo zovuta, chilichonse pa pepala lake

Thupi lonse likaima, tengani pepala latsopano la manja okha, lina la mapazi, lina la mutu. Jambulani zazikulu, pafupifupi kukula kwake kwenikweni. Dzanja limodzi lijambuleni kanayi kapena kasanu pa pepala lomwelo, zala zikusintha pang'onopang'ono, ndipo musafufute zolakwika. Jambulani lina pambali pake kuti muzitha kuyerekeza.

Manja amayankhula. Onani chithunzi cha Louis-François Bertin, mkulu wa nyuzipepala ya Journal des débats, chimene Ingres anamaliza mu 1832. Mapepala oyambirira akusonyeza Bertin ataimirira, dzanja litatsamira pa tebulo, ndipo palibe chodabwitsa. Wophunzira wa Ingres, Amaury-Duval, anasimba kuti mphunzitsi wakeyo anavutika nacho chithunzichi mpaka kukhetsa misozi, kufikira tsiku lina ataona Bertin atakhala pansi akucheza. Pa chinsalu chomaliza bamboyo wakhala pampando, thupi ladzaza mpando wonse, manja onenepa atawakhazika pamawondo, zala zitatambasuka, zigongono zili kunja ngati akufuna kunyamuka kuti akuyankheni. Phimbani nkhope yake ndi chala chanu, mupeza kuti manjawo akukuuzanibe kuti munthuyu ndi wotani.

Pokonzekera chithunzi cha phaka chija, Géricault anapita patali kuposa apa. Ankapita ku chipatala cha Beaujon kukaona odwala kwambiri ndi mitembo, kuti adziwe mtundu ndi kugona kwa thupi lopanda moyo. Anacheza ndi opulumuka awiri, Alexandre Corréard ndi Henri Savigny, ndipo kalipentala wa sitimayo anamupangira kaphaka kakang'ono kofanizira. Wojambula mnzake wachinyamata Eugène Delacroix anagona chafufumimba kuimira mmodzi wa ovutikawo. Munthu wa pamwamba penipeni, amene watipatsa msana akukupiza nsalu, anaimiridwa ndi Joseph, munthu wakuda wochokera ku Saint-Domingue, komwe lero ndi Haiti, amene anadzakhala woimira ojambula wodziwika kwambiri mu Paris. Chithunzi chonsecho chimakwera kulunjika pa msana wa Joseph, ndipo msana umenewo Géricault anauphunzira pawokha asanauike pamalo pake.

Simukufunika kupita kumitembo. Chimene mungatengepo n'chakuti chilichonse chimene simukuchidziwa, kachioneni ndi maso. Ngati munthu wanu wanyamula katundu, munyamulitseni katundu weniweni wolemera, muone mmene khosi likuumira ndi mmene zala za kumapazi zikugwirira pansi. Jean-François Millet, pa chithunzi chake cha 1857 cha akazi atatu akukunkha tirigu m'munda, anabwereza pa mapepala ambiri msana wowerama ndi dzanja lofikira pansi, ndipo aliyense amene anakunkhapo akaona chithunzicho amamva kupweteka kwa m'chiuno.

Tsopano valikani

Ikani pepala loonekera mkati pamwamba pa thupi lanu lija, ndipo munthu wanu avale zovala zenizeni za m'chithunzi, aime pa choko paja. Musathamangire makwinya onse. Funani pomwe nsalu yakoleka: paphewa, pachiuno, pabondo lopindika, pachigongono. Makwinya aakulu amayambira pamenepo n'kumwazikira pansi. Jambulani atatu kapena anayi akuluakulu, ang'onoang'ono ambiri muwasiye.

Vuto la nsalu ndi lakuti munthu akangopuma, makwinya asintha. Ojambula a ku Paris ankagwiritsa ntchito chidole chachikulu chokhala ndi mfundo zopindika, n'kuchiveka chovalacho kuti chikhale chomwecho masiku ambiri. Inu mukhoza kuyala nsaluyo pa mpando ndi mapilo, kapena kujambula pa foni kuti muzikumbukira. Palibe chamanyazi pamenepo, Delacroix yemwe mu 1854 anagwira ntchito ndi Eugène Durieu kujambula anthu pa kamera, ndipo ankaphunzira pa zithunzizo ndi pensulo. Kungoti kamera imaphwatalalitsa thupi ndipo imakulitsa chimene chayandikira, choncho izikukumbutsani makwinya, koma thupi likhale lija munayeza ndi ulusi.

Sankhani kuwala

Tsekani mazenera onse kusiya limodzi, kapena gwiritsani nyale imodzi yokha, ili m'mbali ndi chapamwamba. Tengani pepala lotuwa kapena labuluu lija. Pierre-Paul Prud'hon ankachita zodabwitsa ndi njira imeneyi: choko chakuda pa mthunzi, choyera pomwe kuwala kwamenya kwambiri, ndipo pakati ponse pepala lokha likugwira ntchito. Lamulo la njirayi ndi loti chakuda ndi choyera zisakumane popanda mtundu wa pepala pakati, chifukwa zikasakanikirana zimabala phulusa lakufa. Choyera chiumireni. Pang'ono paphewa, pamphumi, pabondo, basi.

Tsinzinani maso pang'ono mpaka munthuyo asanduke zigawo ziwiri, kowala ndi kwamdima. Jambulani malire a zigawozo ngati mapu, mudzaze mbali yamdima yonse mofanana, kenako ndiye muzifewetsa malirewo ndi kapepala kokulungiza kapena chala.

Kumapeto kwa zaka zimenezi Georges Seurat anaonetsa kuti sitepe imeneyi payokha ikhoza kunyamula munthu yense. Pokonzekera Un dimanche après-midi à l'Île de la Grande Jatte, chithunzi cha anthu akupuma m'mbali mwa mtsinje, chimene anagwira kuyambira 1884 mpaka 1886 ndipo chili ku Chicago, ankakhuta krayoni yakuda ya Conté pa pepala lokhakhala, osajambula mzere wozungulira thupi ngakhale umodzi. Mayi wa ambulera ndi mwana, onse amatuluka mu mdima ndi kuwala kokha. Yesani kamodzi: pendeketsani makala agone cham'mbali, mudziletse mzere uliwonse. Mudzazindikira msanga ngati munthu wanu akudziwika ndi kaimidwe kake kapena mumadalira maso ndi milomo kuti zimupulumutse.

Lumikizani zonse

Muli ndi thupi, manja, mutu, nsalu ndi kuwala, chilichonse pa pepala lake. Tengani pepala loonekera mkati, mukope thupi, muikepo dzanja labwino koposa mwa asanu aja, mutu, ndi makwinya. Ngati anthu ndi angapo, aliyense akhale pa kapepala kake kuti muziwasuntha, wina patsogolo wina kumbuyo, kufikira gulu litagwirana monga munafunira pa kabokosi koyamba kaja.

Edgar Degas ankakonda kwambiri njira imeneyi. Ali mnyamata anakumana ndi Ingres, amene anamulangiza kuti azijambula mizere yambiri, poona chinthu ndi pochikumbukira. Atsikana ovina a m'zithunzi zake amaoneka ngati anawagwira mwadzidzidzi, wina akukanda msana, wina akumanga nsapato, koma iye mwini ankanena kuti palibe luso losachitika mwadzidzidzi kuposa lake. Atakula ankakopa chithunzi chimodzi kambirimbiri, kusuntha mkono pang'ono, nthawi zina kutembenuza pepala kuti wovina woyang'ana kumanja ayang'ane kumanzere.

Kutembenuzako kuchiteni nanunso, kapena onetsani chithunzi chanu pagalasi. Diso limene lazolowera cholakwika limachiona mwatsopano: mutu wopendekeka, mwendo waufupi, phewa lothawa. Konzani pano. Pa pepala kukonza ndi mphindi zisanu.

Kunena zoona, si onse a nthawi imeneyo ankatsata masitepe onsewa. Ena, makamaka a gulu la Claude Monet, ankapita ndi utoto molunjika pa chinsalu, panja, kuthamangitsa kuwala kusanasinthe. Koma chawo chachikulu chinali madzi, mitengo ndi thambo. Pa chithunzi chimene munthu ndiye mwini nkhani, makamaka anthu angapo, sindingakulangizeni kudumpha pepala.

Samutsirani pa chinsalu ndi timabokosi

Mukayang'ana mapepala a David, Ingres, Degas kapena Pierre Puvis de Chavannes, nthawi zambiri mupeza mizere yopyapyala yodutsana pamwamba pa munthu. Imeneyo ndi njira yokulitsira chithunzi osataya miyeso.

Choyamba onetsetsani kuti pepala ndi chinsalu zikufanana kapangidwe. Ngati chithunzi chanu ndi masentimita 21 m'mbali ndi 30 msinkhu, chinsalu chokula katatu chikhale 63 ndi 90. Pa pepala jambulani timabokosi ta masentimita 3, mupeza 7 m'mbali ndi 10 kutsika. Pa chinsalu jambulani mabokosi a masentimita 9, chiwerengero chomwecho. Lembani manambala m'mbali ndi zilembo pamwamba, pa pepala ndi pa chinsalu pomwe, chifukwa kusochera bokosi limodzi n'kosavuta ndipo kumapotoza thupi lonse. Ngati simukufuna kudetsa chithunzi chanu, jambulani timabokosito pa pepala loonekera mkati n'kuliika pamwamba.

Musakope bokosi limodzilimodzi ngati mukudzaza fomu. Ikani madontho pomwe mzere wa thupi ukudula mzere wa bokosi, ndi pa mfundo zikuluzikulu: kadzenje ka pakhosi, zigongono, mawondo, zidendene. Kenako lumikizani madonthowo ndi makala, dzanja likuyenda kuchokera paphewa, mzere umodzi wautali, mukuyang'ana chithunzi chonse. Pa nkhope ndi manja gawani bokosi kanayi kuti miyeso ikhale yothina.

Ngati chithunzi chanu n'chofanana kale kukula ndi chinsalu, timabokosi sitikufunika. Pakani makala kumbuyo kwa pepala, muliike pa chinsalu, mudutsenso mizereyo ndi pensulo yolimba. Kapena boolani timabowo ndi singano motsata mizere, n'kudinda pamwamba ndi kansalu komangamo fumbi la makala, madontho adzatsala pa chinsalu.

Mizere ikakhazikika, kunthani chinsalu pang'ono ndi kansalu kouma kuti fumbi la makala lichoke, lingadetse utoto. Dutsani mizere yotsalayo ndi kaburashi kakang'ono ndi utoto wofiirira wosungunula kwambiri, ndipo ndi utoto womwewo dzazani mbali zamdima motsata pepala lanu la kuwala lija. Lekani ziume. Mapepala onse, la thupi, la manja, la mutu, la nsalu, akhomeni pakhoma pambali pa chinsalu pomwe diso lingawafikire, chifukwa utoto ukayamba kukwirira mizere mudzafuna kudziwanso pomwe panali bondo.